Kuchoka mu wodi kukasamalira odwala m'makomo: mmene namwino angayambire kuno ku Zomba

Ndinagwira ntchito mu wodi zaka zambiri ndisanadzifunse funso ili: mayi uja tamutulutsa lero, atafa ziwalo mbali imodzi, paipi ya mkodzo ili m'thupi, akakafika kwawo ku Chingale azikamutembenuza ndani? Tinkalemba tsiku lodzabweranso m'buku lake la kuchipatala, gadiyani n'kumanga katundu m'chitenje, ife n'kuyala bedi kuti pagone wina. Pakatha milungu itatu mayi yemwe uja ankabweranso ali ndi chilonda cha kumatako choti chibakera n'kulowa. Zilonda zotere ndizo zinanditulutsa mu wodi.

Ngati nanunso mtima ukukukokerani ku ntchito ya m'makomo, nayi njira monga ndaiyendera ine. Koma gwirani mfundo iyi tisanapite patali: pakhomo la wodwala inu mumakhalapo ola limodzi, maola 23 otsalawo ali m'manja mwa gadiyani. Mlendo ndi mame. Ntchito yanu yaikulu idzakhala kusiya luso m'manja mwa amene akutsala naye.

Yambani n'kuperekeza, kalata yosiya ntchito idikire

Pa masiku anu opuma, pemphani kuperekeza anthu amene akuyenda kale m'makomo. Ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, ya DHO, mukafunse amene amayang'anira za palliative care (chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda osachiritsika) ndi za umoyo wa m'madera. Alangizi a zaumoyo, ma HSA, nawonso amadziwa khomo lililonse lomwe muli munthu wongogona. Musapite malo a mtundu umodzi. Mukaone nyumba ya mpanda ku Mulunguzi, chipinda cha lendi ku Chikanda kapena ku Chinamwali, ndi mudzi wa kuseri kwa Jali kapena Mayaka. Mukayese kusintha bandeji mutagwada pamkeka, m'nyumba yamdima, mwana akukuunikirani ndi tochi ya foni. Mukayendenso mu Januwale kapena Febuluwale, Likangala atadzaza, kabaza akukana njira. Amene tinayenda m'midzi namondwe Freddy atangodutsa mu Malichi 2023 tinaona kuti msewu ukaduka, wodwala wa shuga amatsala yekha ndi mankhwala amene ali nawo m'nyumba.

Ena akabwerako amapeza kuti mtima wawo uli mu wodi, momwe muli anzawo, dokotala pafupi, okosijeni pakhoma. Zimenezo si zochititsa manyazi, ndipo ndi bwino kuzidziwa ntchito ikadali m'manja.

Sankhani khomo lolowera

Makomo alipo atatu. Loyamba ndi kukhalabe m'boma kapena m'chipatala cha mpingo cha pansi pa bungwe la CHAM, koma kupempha kuti akusamutsireni ku gulu loyendera odwala m'madera. Malipiro ndi penshoni zimapitirira, mankhwala mumatenga ku famase ya chipatala, ndipo muli ndi wokuyang'anirani. Kwa woyamba kumene, ine ndimalimbikitsa khomo ili. Lachiwiri ndi mabungwe ndi mipingo. Kumeneko nthawi zambiri mayendedwe amakhalapo, koma ntchito imayenda ndi kontirakiti, thandizo la ndalama likatha nayonso imatha. Lachitatu ndi kudziimira panokha, mabanja n'kumakulipirani. Ili likukula chifukwa ana ambiri ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London, makolo okalamba atatsala kuno.

Dziwaninso kuti odwala ake asintha. Chisamaliro cha m'makomo chinafala m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, Edzi itadzaza mawodi, anthu ongodzipereka a m'mipingo akusambitsa ndi kudyetsa anthu oyembekezera imfa. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, ambiri mwa odwala aja anadzuka. Lero mudzakumana kwambiri ndi sitiroko yobwera ndi BP, shuga, khansa ya khomo la chiberekero, khansa ya kummero, ovulala msana pa ngozi za njinga zamoto, ndi agogo amene ukalamba wawagoneka.

Konzani mapepala

Laisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi ikhale yamoyo ndipo ma CPD anu, mapointi a maphunziro oonjezera luso, akwane. Mu wodi ametironi amakukumbutsani, koma kunja kuno palibe adzakukumbutseni. Ngati mukufuna kudziimira panokha, lemberani khonsoloyi ku Lilongwe musanalandire ndalama ya munthu aliyense, mufunse zimene giredi yanu ikuloledwa kuchita popanda wokuyang'anirani, ndipo yankho likhale la pakalata. Malire a Registered Nurse ndi a Nurse Midwife Technician si amodzi. Safunsa anadya phula. Werenganinso kontirakiti yanu: ngati sukulu anakulipirirani, onani ngati zaka zimene munasainira kuti mudzagwira zatha, ndipo za penshoni mukamve kwa a HR, oyang'anira za ogwira ntchito, musanasaine chilichonse. Umembala wa NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, musautaye, pakuti tsiku la mlandu mudzafuna wokuimirirani.

Nolani luso mukadali mkati

Miyezi yomaliza mu wodi muigwiritse ntchito ngati sukulu. Chilichonse chimene mumaitanira mnzanu kuti akuthandizeni, chiphunzireni mpaka muzichita nokha: kuika katheta (paipi ya mkodzo) kwa bambo, kusamala paipi yodyetsera ya m'mphuno, kutsuka chilonda chakuya, kupeza mtsempha wa munthu wouma. Pemphani a fizo, othandiza kuongola ziwalo, akuonetseni kanyamulidwe ka munthu wofa ziwalo kuchoka pamkeka kupita pampando osathyola msana wanu, ndi masewera oongola manja ndi miyendo. Maphunziro a palliative care musawaphonye. Bungwe la PACAM, lolimbikitsa palliative care m'dziko muno, ndi Unduna wa Zaumoyo akhala akuphunzitsa anamwino kuyeza ululu ndi kupereka morphine wakumwa, ndipo wofuna kupita patali angayang'ane ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, KUHeS, komwe kuli maphunziro a unamwino wa m'madera.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi wina: chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili pakhomo pathu pomwe. Pezani mnzanu wa kumeneko akuphunzitseni za matenda oiwalaiwala a okalamba. Nkhani imeneyi imandiwawa mtima. Agogo akayamba kutuluka usiku, kuvula pagulu kapena kutchula maina a anthu akufa, pamudzi pamayamba manong'onong'o a ufiti, ndipo okalamba ena m'dziko muno aphedwa chifukwa cha zimenezi. Namwino wotha kukhazika banja pansi n'kulifotokozera kuti ubongo nawo umadwala ngati mtima kapena impso akhoza kupulumutsa moyo osatsegula n'chikwama chomwe.

Chikwama

Chikhale choberekera kumsana, chosalowa madzi, choti manja azigwira kabaza. Muikemo makina a BP ndi mabatire apadera, sitetosikopu, choyezera kutentha thupi, choyezera shuga, kachipangizo koyezera okosijeni pachala, magulovu, mamasiki, epuloni, gozi, bandeji, pulasitala, sizasi, sopo, kathaulo kanukanu, tochi, mapaketi a Thanzi ORS, kabokosi kotayiramo masingano ndi kope. Pulasitiki yoyala pansi musanatsitse zida isasowe. Kabokosi ka masingano kakadzaza muzikasiya kuchipatala chomwe mwagwirizana nacho kuti akatenthe, osati kudzala komwe ana amatolako zoseweretsa. Singano ikakubayani, PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, imayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo kufulumira ndiko kwabwino. Dziwiranitu komwe mungakaipeze Loweruka madzulo.

Ulendo woyamba: khalani pansi

Apa ndi pamene anamwino ozolowera wodi amapunthwa. Mu wodi timalowa tikuyenda, faelo ili m'manja, anthu n'kutipatsa njira. Pakhomo la eni mumaima pabwalo n'kunena kuti "Odi!" mpaka akuyankheni. Mangani chitenje pamwamba pa yunifolomu. Akakupatsani mpando kapena mkeka khalani, mulonjerane ndi aliyense kuyambira wamkulu, ndipo musathamangire kuchipinda. Mphindi 10 za pakhondezo ndizo zidzakutsegulireni zonse. Cha ku Domasi, Malosa ndi Songani mabanja ambiri amayankhula Chiyao, ndiye phunziraniko ngakhale malonje okha, ndipo m'nyumba ya Asilamu funsani ngati bambo angalole kusambitsidwa kapena kuikidwa katheta ndi mayi.

Pochezapo fufuzani anthu atatu, amene kawirikawiri sakhala munthu mmodzi: wosamalira wodwala usiku ndi usana, wotulutsa ndalama, ndi womanga mfundo. Kuno kwathu womanga mfundo amatha kukhala mwinimbumba, amalume okhala mudzi wina, osati mwamuna wa pakhomopo. Mukagwirizana zotengera wodwala kuchipatala popanda iwo, mawa mudzapeza zasintha.

Mukalowa, yambani mwalonjera wodwalayo ngakhale akuti sakumva: "Agogo, ndine namwino, ndabwera kudzakuonani. Mundilola ndikugwireni?" Kenako muyeseni kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mukumulandira mu wodi. Mutembenuzeni muone kumatako, m'chiuno, zidendene ndi kuseri kwa mutu. Werengani buku lake la kuchipatala tsamba ndi tsamba. Mukatero yesaninso nyumbayo. Akugona pati? Zenera limatseguka, makamaka ngati akutsokomola? Mbaula imalowa m'chipinda? Chimbudzi chili kutali bwanji, madzi amatunga kuti, neti ilipo? Dzulo anadya chiyani, osati chimene amayenera kudya? Musanatuluke pemphani mankhwala onse a m'nyumbamo, a kuchipatala, a kugolosale ndi a kwa asing'anga, awaike m'lichero. Mudzadabwa kupeza mabotolo awiri a mankhwala amodzimodzi a BP ochokera zipatala ziwiri, onse akumwedwa.

Za asing'anga musakalipe. Mukanyoza adzangobisa, ndipo simudzadziwa chimene chikulowa m'thupi la wodwala wanu. Ine ndimapempha zinthu ziwiri zokha: a kuchipatala asasiyidwe, ndipo pachilonda pasapakidwe kanthu ndisanaone. Chimodzimodzi ndi mapemphero. Apemphere ndithu, koma ma ARV ndi insulini zipitirire.

Phunzitsani manja, osati makutu

Mukafunsa gadiyani kuti "Mwamva, mayi?" adzati "Eee, ndamva," chifukwa cha ulemu. Ndiye musafunse. Chitani iye akuona, kenako achite inu mukuona, ndipo ulendo wotsatira ayambe ndi iye. Pa ulendo umodzi phunzitsani chinthu chimodzi kapena ziwiri basi.

Choyamba ndi kutembenuza. Munthu wosatha kudzitembenuza asinthidwe mbali pa maola 2 alionse. Wotchi si onse ali nayo, ndiye mangirirani nthawi ku zimene zikuchitika kale pakhomopo: tambala akalira, ana akamapita kusukulu, nkhani za pa wailesi, mfuu ya kumzikiti, nsima ya masana. Pakati pa mawondo ndi pansi pa akakolo aikepo pilo kapena chitenje chopinda, kuti zidendene zilendewere. Pulasitiki iyalidwe pansi pa chitenje, isakhudze khungu, ndipo chonyowa chichotsedwe nthawi yomweyo. Pomusuntha amunyamule ndi nsalu anthu awiri, asamukhwekhwereze pamkeka. Pamalo pofiira posasintha mtundu mukadinapo ndi chala, chilonda chayamba kale, ndipo asagonerenso pamenepo.

Madzi otsukira chilonda angathe kupanga okha: madzi owiritsa okwana theka la lita, sipuni yaing'ono imodzi ya mchere yosasefukira, azizire, ndipo apange atsopano tsiku lililonse. Chilonda cha khansa chikamanunkha mpaka abale kuleka kulowa m'chipinda, kambiranani ndi dokotala za mapiritsi a metronidazole operapera owaza pachilondapo. Fungo likachepa, anthu amabwereranso kudzakhala naye, ndipo wodwala amayambanso kudya. Magazi kapena chimbudzi chikatayika pansi, Jik wa 3.5% amasungunulidwa kapu imodzi ku makapu 6 a madzi.

Wa sitiroko adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndi sipuni yaing'ono, ndipo akhalebe chokhala theka la ola akatha kudya. Phala lolimbirako lothira nsinjiro limamezeka bwino kuposa zamadzimadzi zimene zimatsamwitsa. Akamatsokomola pomeza kapena mawu akamamveka ngati muli madzi kukhosi, aleke kaye akuimbireni, chifukwa chakudya cholowera m'mapapo ndicho chimabweretsa chibayo. Thumba la mkodzo likhale mmunsi mwa chiuno nthawi zonse, lisagone padothi, paipi isapindike. M'kamwa azitsukamo ngakhale munthu sakudya.

Morphine amaopedwa. Mabanja ambiri amati akangoyamba kumwa ndiye kuti adokotala amutaya. Afotokozereni kuti ndi mankhwala a ululu, amamwedwa pa maola 4 alionse monga walembera dokotala osadikira kuti ululu ubwerere, ndipo amamanga m'mimba, choncho ofewetsa chimbudzi ayendere limodzi. Muyezo auonetseni ndi sirinji inu mukuona, botolo likhale pomwe ana safika. Insulini, pomwe palibe firiji kapena magetsi akuzimazima, aisunge pozizira mumtsuko wadothi, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto. Wa shuga wofuna kusala m'mwezi wa Ramadani akambirane ndi dokotala wake mweziwo usanayambe.

Tsono muyang'aneni gadiyani mwiniyo. Nthawi zambiri ndi mayi mmodzi, kapena mtsikana amene amusiyitsa sukulu. Mufunseni kuti anagona liti tulo tokwanira. Akatopa iyeyo, zonse mwaphunzitsazi zimagwa. Pemphani mwinimbumba aitanitse banja mugawane masiku, anyamata atenge zotunga madzi ndi kunyamula. Amayi a Mvano, a Dorika, a Dawa ndi a m'miphakati amayendera kale odwala, ndipo mukawapempha kuti akhale naye masana amodzi pa sabata, gadiyani amapeza mpata wopita kumunda kapena wongogona. Mtsikana wa sukulu uja mumumenyere nkhondo abwerere m'kalasi.

Dziwani pamene manja anu athera

Mu wodi mukakayika mumaitana mnzanu. Kuno mudzaganiza nokha, ndiye malire muwaike mutu uli wozizira. Shuga akatsika pansi pa 70 mg/dL, munthu akutuluka thukuta ndi kunjenjemera, mupatseni madzi a shuga ngati akumeza. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni chammbali n'kuthamanga naye. Okosijeni wotsika pansi pa 90%, BP yofika 180/110 pamodzi ndi mutu waukulu kapena kusaona bwino, kukhota kamwa kwatsopano, kutentha thupi kosokoneza mutu, thumba la mkodzo louma, kutaya magazi, kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga monga tinaonera pa kolera wa 2022 ndi 2023: zonsezi si za pakhomo. Zilembeni m'Chichewa papepala mumate kukhoma.

Za galimoto mukambirane tsiku loyamba lomwe, osati pakati pa usiku. Munthu wofa ziwalo sakwera kabaza. Ndani ali ndi galimoto pafupi, nambala yake ndi iti, ndalama ya mafuta isungidwa ndi yani? Dziwani chipatala chaching'ono cha deralo, kaya ndi Matawale, Domasi, Thondwe, Pirimiti kapena St Luke's ku Malosa, ndi njira yotumizira ku Zomba Central. Kadzionetseni kwa oyang'anira kumeneko musanafune thandizo lawo. Mukhalenso ndi dokotala kapena kiliniko ofesa mmodzi amene mwagwirizana kuti mungamuimbire, pakuti kusintha mankhwala amene simunalembe si ntchito yanu, ngakhale pamudzi akukutchani adokotala. Potumiza wodwala lembani m'buku lake zimene mwapeza, zimene mwachita ndi nthawi yake.

Ndalama, malire ndi chitetezo chanu

Ngati mukudziimira panokha, gwirizanani pakalata: maulendo angati pa sabata, ulendo umodzi ndi ndalama zingati, thiransipoti ndi magulovu alipira ndani, kuitanidwa usiku kuli pamtengo wanji. Ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mauthenga ake muzisunga. Lembanimonso zimene simuchita. Mukachapa mbale tsiku limodzi chifukwa cha chisoni, mwezi ukamatha mudzakhala mukuphika nsima, chilonda chikudikira. Nthochi kapena matemba a ku Chilwa akakupatsani landirani ndi manja awiri, pakuti kukana n'kunyoza. Koma ngongole kwa banja la wodwala, kubwereka kapena kubwereketsa, ayi.

Wolipira ali kunja adzafuna malipoti pa WhatsApp, mwinanso zithunzi. Kulipira sikumupatsa ufulu wodziwa zonse. Funsani mwiniwake: "Bambo, mwana wanu ndimuuze ziti?" Za HIV makamaka, mawu achoke kwa wodwala. Aneba nawo adzakuimitsani panjira kuti "Kodi kumeneko zili bwanji?" Yankho lake ndi lakuti "Akawaone, asangalala."

Ulendo uliwonse ulembedwe m'kope lanu ndi m'kope lotsala pakhomo: tsiku, BP, shuga, kukula kwa chilonda m'masentimita, chimene mwaphunzitsa. Wina kunyumba kwanu azidziwa komwe mwapita, foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi, ndipo kumudzi muzichokako dzuwa lisanalowe. Pakhomo pomwe pali woledzera waukali musalowe nokha, tengani mlangizi wa zaumoyo kapena nthumwi ya amfumu. Ntchitoyi imasungulumwitsa, ndiye pezani anamwino anzanu awiri kapena atatu oti muzikumana kamodzi pamwezi, kukambirana odwala ovuta popanda kutchula maina.

Wodwala akamatsirizika

Ambiri mwa odwala anu sadzachira, ndipo ena adzasankha kutsirizikira pakhomo. Mukaona zizindikiro, kugona kwambiri, kukana chakudya, mapazi kuzizira, kupuma kodukizadukiza, itanani akuluakulu a banja pambali muwauze mwaulemu koma mosabisa kuti nthawi yayandikira, kuti wa kutali ayambepo ulendo, abusa kapena ashehe aitanidwe. Auzeni asamukakamize phala, angomunyowetsa milomo, mankhwala a ululu apitirire, ndipo aziyankhula naye chifukwa mwina akumva.

Ku maliro pitani ngati mungathe, mukakhale pamodzi ndi anthu ena onse. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri bwereraninso pakhomopo. Tengani morphine wotsala ndi masingano mukabweze kuchipatala komwe anachokera, mulembe m'kope. Mukatero khalani pakhonde ndi gadiyani uja, mumufunse ngati akugona ndi kudya, ndipo mutulutse makina mumuyeze BP.